Mutu 6: Usauze Munthu

1. Mwala wa ku Kanyama

Amene sanakumbepo ku komboni ya Kanyama amayesa kuti nthaka ndi nthaka basi. Pamwamba pali dothi lofewa lonyenga, koma dzenje likangofika m'chiuno khasu limalira, mano n'kuchita dzanzi. Pansi ponse ndi mwala.

A Petros, bambo ake a mtsikana wina dzina lake Ennie, ankaudziwa bwino mwalawo chifukwa ntchito yawo inali yokumba zimbudzi ndi zitsime. Banja lawo linkachita lendi zipinda ziwiri pa pulote ya a Sophia, mayi wamasiye amene diso lake linkaona ngakhale chikopa cha nthochi chotayidwa kuseri kwa mpanda. Chimbudzi cha pakhomopo chinali chitadzaza ndipo mvula inali pafupi, choncho a Sophia anauza a Petros kuti akumbe china kuseri kwa nyumba.

Anapereka lamulo limodzi lokha: moto ayi. Okumba ambiri akakumana ndi mwala amaunjikapo matayala akutha n'kuyatsa, ndipo mwalawo ukapsa umang'aluka. Koma chaka chapitacho khoma la nyumba ina yapafupi linang'ambika ndi moto wotere. A Sophia ananena pamaso pa banja lonse kuti woyatsa moto m'dzenje adzatulutsa katundu wake tsiku lomwelo, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayiwo sameza mawu.

Poyamba ntchito inayenda bwino. A Petros ndi mwana wawo wamkulu Kumbu, mnyamata amene anali atangomaliza sukulu, anatsatira mpata wa dothi pakati pa miyala iwiri. N'chifukwa chake dzenjelo linali lotakasuka kukamwa, lopanikiza pakati ngati khosi la botolo, n'kutakasukanso pansi. Pansi penipenipo mwala unakana. Tchizulo inabuntha, nyundo inathyoka mpini, m'manja mwa a Petros munatuluka matuza pamwamba pa matuza, koma mwala uli phee.

Lachinayi a Sophia anapita kukagona kumaliro ku Chawama. Madzulo ake Ennie anaona Kumbu akugubuduza matayala kudzera m'kanjira ka kuseri.

2. Koloboyi

Si Ennie yekha amene anaona. Pokhotera kanjirako pankakhala a Hamdani, mkulu wosula ndowa, mbaula ndi nyali za koloboyi. Makolo awo adachokera ku Malawi, ndipo iwo ali mnyamata ankakumba zitsime mpaka mawondo anawakana. Ennie akuchokera kotunga madzi, anamuitana.

"Tula chigubucho, mdzukulu wanga, ukhale apa," anatero. "Matayala aja ndawaona, ndipo sindikufunsa kumene akupita. Tamvera. Moto ukayaka m'dzenje umadya mpweya wabwino wonse n'kusiya woipa. Woipawo ndi wolemera, sutuluka wokha, umagona pansi ngati madzi, ndipo suoneka. Munthu umasuzumira n'kuona dzenje lili bwinobwino, umatsika ukuimba nyimbo, kenako miyendo imangoti lefu. Ngakhale kukuwa sukuwa. Choipitsitsa n'chakuti dzenje lotere silikhuta ndi munthu mmodzi. Wachiwiri amalowa kukatenga woyamba, wachitatu kukatenga wachiwiri. Ine ndinaperekeza kumanda anthu apachibale awiri ndi mlamu wawo tsiku limodzi ku komboni ya George, onse a dzenje limodzi, ndipo anali amphamvu kuposa atate ako."

Kenako anatenga koloboyi yatsopano pamulu wa malonda awo n'kumupatsa.

"Uwapatse iyi. Moto ukazima asiye dzenje lotsegula, lipume, ngakhale masiku angapo. Asanalowe atsitse koloboyi yoyaka pa chingwe. Ikafika pansi ikuyakabe, munthu angalowe. Ikazima, ndiye kuti munthunso akazima. Ndipo iwe, ukadzaona wina wagwa m'dzenje lotere, usamutsatire, ngakhale ali mbale wako wa bere limodzi. Itana odziwa ntchito, ndipo akakufunsa uwauze zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

Ennie anafotokoza zonsezi kunyumba osasiyako liwu. Bambo ake sanapse mtima. Anali munthu wanthabwala, ndipo anaitembenuza nyaliyo uku ndi uku n'kuyamikira kasulidwe kake. Koma atamaliza kuseka anapukusa mutu.

"Ba Hamdani ni bakulu, koma ise tilibe masiku," anatero. "Ba landilodi babwela mailo, pa Chisanu. Bakaona nisikisa koloboyi mu mugodi masana, bazaziba kuti munali mulilo wa matayala. Manje tizayenda kuti na katundu, mvula ili pafupi?" Anamugwira Ennie paphewa. "Mwana wanga, iyi nkhani ni ya mu nyumba muno. Usauze munthu. Wamvela?"

"Namvela, batate."

Ennie anali mwana womvera, ndipo bambo ake ankawakonda. Koloboyi ija anaiika pansi pa bedi. A Petros anayatsa matayala aja n'kuvundikira dzenje ndi malata akale, kusiya kampata kakang'ono kuti utsi uzituluka mobera. Palibe mnansi amene anadabwa ndi fungolo, pakuti amayi oswa miyala kutsidya kwa ngalande ankawotcha matayala pafupifupi tsiku lililonse.

3. Dzenje likhala chete

Lachisanu mayi ake a Ennie analawirira kumsika kukagulitsa masamba. A Petros anachotsa malata aja, amene tsopano anali bii, n'kuwabisa kuseri kwa khola la nkhuku. Anathira dothi m'dzenje kuti likwirire phulusa, n'kuwaza lina pakamwa pake kuti mwaye usaoneke. A Sophia atabwera kumaliro anangosuzumira patali, nakagona ndi kutopa.

Dzuwa litakwera, Ennie ankasita yunifomu pakhonde, poti kalasi lake linkalowa masana. Anaona bambo ake akusomeka tchizulo m'chiuno n'kuyamba kutsika m'timapondero timene anasema m'khoma la dzenje.

"Batate, koloboyi," ananong'ona.

Iwo anangomuphinyira diso n'kuloza ku zenera la a Sophia. Mutu wawo unamira. Patapita kanthawi mawu awo anamveka kuchokera pansi, osangalala, akuuza Kumbu kuti mwala wang'aluka ngati buledi ndipo atsitse ndowa. Kumbu anatsitsa ndowa. Inagunda pansi, koma palibe anaigwira.

Kumbu anaitana. Anaitananso. Dzenje linangokhala chete.

Ennie ataona mchimwene wake akuvula masilipasi anasiya simbi n'kuthamanga. Anamugwira malaya ndi manja awiri, akumukumbutsa za anthu a ku George aja. Koma ndani angamve nkhani za ku George bambo ake ali pansi? Kumbu anamukankha, ndipo m'dzanja la Ennie munatsala batani lokha.

Mnyamatayo anatsika mofulumira. Atafika pakhosi paja anatsokomola, anayang'ana kumwamba ngati akufuna kunena kanthu, kenako anakhwefuka. Mwayi wake, anagwera pakashelefu ka mwala kamene kanali pambali n'kukakamira pomwepo, mwendo umodzi ukulendewera.

Phazi la Ennie linali litaponda kale pondero loyamba. Anali ndi mantha aakulu, koma choopsa kwambiri kwa iye chinali kuima pamwamba osachita kanthu. Pomwepo anakumbukira kuti dzenje lotere silikhuta. Anabweza phazilo, nakuwa mpaka pulote yonse inadzaza.

4. Ozimitsa moto afika wapansi

Ku komboni khamu silichedwa, ndipo nzeru zake sizichedwanso. Wina anati m'dzenjemo muli njoka. Wina anati adula waya wa magetsi. Mayi wina anati pamalopo padakwiriridwa zinthu kalekale, ndipo ambiri anavomereza ndi mitu. A Hamdani, amene akanathetsa mkanganowo ndi liwu limodzi, anali ku mzikiti kumapemphero a Lachisanu. Mnansi wina anaimbira foni ozimitsa moto.

Galimoto yawo inathera pamsewu waukulu, chifukwa tinjira ta kumeneko ngakhale wilibala imadutsa chopendekera. Anafika wapansi, zingwe paphewa, thukuta lili kamukamu. Wotsogolera anali mayi wamfupi wa mawu osasa, dzina lake a Nsofwa. Khamu linawalandira ndi chipongwe, ati abwera kudzaona maliro monga mwa nthawi zonse. A Nsofwa anapita molunjika kwa bambo wina wonunkha mowa amene anali atadzimanga kale chingwe m'chiuno kuti atsike.

"Awe, mukwai," anatero akugwira chingwecho. "Muno muli babili. Sinifuna batatu."

Anagona chafufumimba pakamwa pa dzenje n'kuunika ndi tochi. Chifuwa cha Kumbu chinkakwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Kupyola pakhosi paja pankaoneka mwendo wa a Petros basi. A Nsofwa ananunkhiza, nakwinya nkhope, n'kufunsa ngati munawotchedwa kanthu m'menemo.

A Sophia anayankha msanga kuti pakhomo pawo sipayaka moto, lamulo lawo aliyense akulidziwa, ndipo fungolo ndi la oswa miyala. Ankanena zimene ankakhulupirira. Koma a Nsofwa anatembenukira kwa mtsikana amene anaima ndi batani m'manja.

"Mwaiche, iwe unalipo. Batate bako banachita chani mu mugodi?"

Ennie anayang'ana a Nsofwa. Anayang'ananso a Sophia, amene anaima pambali pake. Paphewa pake pankamvekabe dzanja la bambo ake.

"Banali kukumba chabe," anatero.

Silinali bodza lenileni, komanso sichinali choonadi. A Nsofwa anamuyang'ana kanthawi, koma nthawi yofunsa kawiri panalibe.

Mavuto awo anali ambiri. Chitsulo cha miyendo itatu chotsitsira munthu m'dzenje, pamodzi ndi kachipangizo koyezera mpweya, zinali ndi gulu lina limene linathamangira ku ngozi ya pamsewu. Botolo la mpweya linali limodzi, logwiritsidwa kale ntchito pamoto wa m'mawa womwewo, ndipo munthu atalibereka kumsana sakanadutsa pakhosi paja. Dothi la m'mphepete nalo linkagumukira mkati munthu akangoyandikira.

A Nsofwa anaunguza pakhomopo ngati mayi amene alendo amupeza alibe ndiwo. Analamula kuti azule zitseko ziwiri za nyumba n'kuzigoneka m'mbali mwa dzenje, kuti anthu azipondapo dothi lisagwe. Mapaipi atatu a tenti ya tchalitchi chapafupi anawamanga pamodzi kumwamba n'kuwaimika pamwamba pa dzenjelo. Anagulula gudumu la wilibala, kuchotsa tayala lake, n'kulipachika pamenepo kuti chingwe chiziyenda m'ngalande yake. Anyamata omwe ankanyoza aja anawatuma kwa wokonza matayala wa pamsewu kuti akabwereke makina opopera mpweya, ndipo anabwera nawo akuthamanga, chipongwe ataiwala.

Makinawo anawaika patali, kumene mphepo inkapita, kuti utsi wa injini usalowe m'dzenje. Analumikiza mapaipi othirira maluwa ochokera m'makomo atatu, kumanga molumikiziramo ndi malegeni. Maganizo a a Nsofwa anali oti apopere mpweya wabwino pansi penipeni, pamene panali a Petros, kuti woipawo ukankhidwire kunja.

Paipi inadutsa pambali pa Kumbu n'kufika pansi. Makina analira.

5. Utsi

Kwa kanthawi zonse zinaoneka bwino. Kenako m'dzenje munayamba kutuluka kautsi kotuwa. Kanakula, kanada, kanasanduka utsi wakuda wonunkha matayala. Pansi pa dothi lija moto sunafe, unangogona, ndipo mpweya wa makina unaudzutsa.

Kumbu anatsokomola mofooka, kenako anasiya.

A Nsofwa anakuwa kuti azimitse makina. Khamu linabwerera m'mbuyo likutsokomola, ena akuti zija ankanena za zinthu zokwiriridwa ndi zimenezi. Ennie yekha ndi amene ankadziwa, ndipo anadziwanso kuti utsi umene ukulowa m'chifuwa cha mchimwene wake wadzutsidwa ndi kukhala chete kwake. Anathamangira kuseri kwa khola la nkhuku, anakoka lata limodzi lakuda bii, n'kuliponya pamapazi pa a Nsofwa anthu onse akuona.

"Banashoka matayala usiku," anatero akulira. "Banavalapo na malata aya. Kuseni banathilapo doti. Mulilo unali ku mbali ya ku nyumba, pamene pali mwala. Bananiuza kuti nisauze munthu."

A Sophia anagwira pakamwa. Ennie ankayembekezera mbama kapena mawu opweteka, koma a Nsofwa anangomugwira dzanja mwamphamvu.

"Zikomo. Manje naziba chamene nimenyana nacho."

Ena anathamangira ndowa kuti athire madzi, koma a Nsofwa anawaletsa. Anati madzi akagwera pamwala wotentha umaphulika, ndipo nthunzi yake ingawotche anthu ali m'katiwo. Anakoka paipi ija mpaka inafika pankhope pa Kumbu, n'kuuza mwini makina kuti atsegule mpweya pang'ono chabe, wongokwanira kuthamangitsa utsi pamphuno pake.

Wowonda kwambiri m'gulu lawo anali Mwape. Anamuveka chophimba kumaso, koma botolo sanamubereke. Analimanga pa chingwe china kuti lizilendewera pamwamba pa mutu wake, lizitsika limodzi naye. Anagwirizana kuti akakoka chingwe kamodzi aime, akakoka mobwereza amukweze. Amuna a pakomboni anagwira chingwe pamzere, gudumu la wilibala linalira kwiii, ndipo Mwape anamira mu utsi.

Mwape anamukulunga Kumbu chitenje m'khwapa kuti chingwe chisamucheke, namumanga, nakoka mobwereza. Mnyamatayo anatuluka ali wakuda ndi mwaye, mutu uli lende. Anamugoneka cham'mbali, ndipo atamusisita pamsana anasanza n'kukoka mpweya ndi phokoso. Amayi anayamba kuyamika Mulungu. Anamunyamula pa bulangete kuthamangira naye kumsewu, kumene ambulansi inali itafika.

Koma Mwape asanatuluke, botolo lija linayamba kuimba mluzu. Mpweya unali utatha.

Ennie anagwada pamaso pa a Nsofwa kuwapempha kuti Mwape atsikenso, angobanika kupuma pang'ono, pansi si patali. Khamu linagwirizana naye, ndipo mawu a chipongwe anayambiranso. Mwape mwiniwake anati ayesa. A Nsofwa anakana.

"Mvela, mwaiche. Mwape naye ali na mwana ku nyumba. Nikamusikisa manje, azagona pambali pa batate bako, ndipo pazafunika wina wakumutenga. Kulindila kubaba, niziba. Naine chinibaba. Koma nchito yanga ni kuchosa banthu mu mugodi, osati kungenesamo. Bamene bakuwa uko bazayenda ku manyumba kwao madzulo. Ine nizayenda kukauza mukazi wa Mwape. Tiyeni tichose mphepo yoipa bwangu, ndiye njila ili yeka."

Nthawi imeneyo ndi pamene a Hamdani anafika, atavalabe mkanjo wawo woyera. Ataona lata lakuda lija anamvetsa zonse. Iwo ndi a Nsofwa anakambirana mwachidule, wina akunena zimene adaona m'zitsime, wina zimene adaphunzira pantchito, ndipo anagwirizana. Ananyika mabulangete m'madzi, kuwafinya, n'kuwatsitsa ndi nsungwi yaitali mpaka anaphimba mbali imene Ennie analoza. Utsi unachepa. Kenako anafuna ambulera yoti n'kudutsa pakhosi paja. Zazikulu zonse zinakanika, mpaka mayi wina anabweretsa kaambulera ka mwana wake wa ku nasale, kamaluwa ofiira.

Anakamanga chingwe ku chigwiriro, kukatsitsa kali kotambasula chagada, n'kukakoka msanga. Kankatunga mpweya woipa monga ndowa itungira madzi, ndipo ankakakhuthulira kutali. Anthu ena anaseka poona ozimitsa moto akutunga chinthu chosaoneka ndi ambulera ya mwana, koma kuseka kwawo sikunakhalitse. Manja akatopa ankalandirana, ndipo paipi ija inkapopera pang'onopang'ono kumbali yopanda moto.

"Tidzadziwa bwanji kuti kwayera?" anafunsa mmodzi wa ogwira chingwe.

A Hamdani anayang'ana Ennie. Mtsikanayo analowa m'nyumba yopanda chitseko, anagwada, natulutsa koloboyi pansi pa bedi. Inali yatsopano, chingwe chake chili choyera. Anaiyatsa yekha.

Ulendo woyamba inazima pakhosi. Anatunganso ndi ambulera. Ulendo wachiwiri inapyola pakhosi, lawi linachepa, linafiira, n'kuzima. Anatunganso, mikono ikuwawa, dzuwa likupendeka. Pomaliza koloboyi inatsika, inatsikabe, mpaka inakhala pansi ikuyaka.

Ennie anasuzumira ali pachitseko chija. Kuwala kwa nyaliyo kunagwera pankhope ya bambo ake. Anagona cham'mbali, maso otseka, dzanja lili pa mng'alu wa mwala umene unawasangalatsa uja.

6. Funso

Mwape anatsika paipi ya mpweya itamangidwa pakolala yake, ndipo sanachedwe. A Petros anawagoneka pachitseko cha a Sophia. A Nsofwa ndi anzawo anasinthana kuwapsinja pachifuwa kwa nthawi yaitali, yaitali kuposa mmene chiyembekezo chinalili. Kenako a Nsofwa anaimirira n'kuvula chisoti.

Mayi ake a Ennie anafika nthawi yomweyo, beseni la masamba lili pamutu, poti uthenga unawapeza mochedwa. Beseni linagwa, ndipo kulira kwawo kunang'amba mitima ya anthu onse. A Sophia anamasula chitenje chawo cha kumaliro chija n'kuphimba mtembo. Mayi wosameza mawu uja anagwada pafumbi.

"Nyumba ni njerwa chabe, ba Petros," anatero. "Sembe munaniuza."

Ozimitsa moto anayamba kumasula mapaipi a tenti, kubwezera gudumu pa wilibala ndi kupereka kaambulera kwa mwini wake. Ennie anawatsatira a Nsofwa mpaka pampanda. Anali ndi funso limodzi lokha, ndipo linatuluka movutikira. Anafunsa ngati bambo ake akanakhala moyo iye akananena zoona poyamba paja.

A Nsofwa anakhala pa njerwa kuti maso awo alingane ndi ake.

"Siniziba, mwaiche, ndipo sinizakunama. Kapena banali batayenda kale tikalibe kufika. Kapena iyai. Mu nchito yathu vinthu vambili sitiziba, tichita na vamene tauziwa na vamene tapeza. Naine nenze namvela fungo, koma nasankha kupompa mphepo, ndipo icho nizayenda nacho ku nyumba. Chamene niziba ni ichi: sunangene mu mugodi, ndiye chifukwa bamai bako bali na mwana wakubagwila lelo. Unakamba, ndiye chifukwa mukulu wako apema, ali moyo. Chisinsi chamene chingapaye munthu si chakusunga, olo akupase ni munthu wamene ukonda maningi. Mau aya ndiye usunge."

A Hamdani anatola koloboyi ija, anaizimitsa ndi zala, n'kumupatsanso Ennie. Mawu a akulu anali atagonera kale, ndipo kukoma kwake kunali kowawa.

Kutacha, pakhomo panali patadzaza anthu a maliro. Amuna anakhala panja pansi pa tenti ya mapaipi omwe aja, amayi m'nyumba pamphasa. Uthenga unabwera kuchokera kuchipatala kuti Kumbu watsitsimuka ndipo akufuna kuona wa kwawo. Mayi ake sakanachoka pamaliro a mwamuna wawo, choncho anaitana Ennie n'kumupatsa fulasiki ya phala. Maso awo anali otupa, mawu atatha.

"Mutima wake ukalibe kukosa, ni wofooka," ananong'ona. "Akakufunsa, ukambe kuti batate bali mu wadi ina, bapumula. Tizamuuza akachila." Anamugwira paphewa, pamalo omwe aja. "Usamuuze, mwana wanga. Wamvela?"

Ennie anangotenga fulasikiyo n'kutuluka.

Anamupeza Kumbu pabedi la pafupi ndi zenera, timapaipi tili m'mphuno, milomo itauma. Atamuona mlongo wake anayesa kumwetulira. Anapepesa chifukwa chomukankha dzulo, ndipo Ennie anatulutsa batani lija m'thumba n'kuliika pakabati, kuti manja ake apeze chochita. Anatsegula fulasiki, anathira phala m'kapu, anayamba kulitakasa ngakhale linali losafunika kutakasa.

Kumbu anafunsa ngati bambo anatuluka bwino. Ennie anapitiriza kutakasa.

Pamenepo mnyamatayo anatambasula dzanja lake lofooka n'kugwira supuni kuti iime.

"Ennie, nakufunsa. Batate bali kuti?"